Nguluwe Adzipanga Msuweni wa Tsabola

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawana, zikadalima minda ndi kubwerekana makasu, kunali mayi wina Gologolo amene ankakhala m'mphako ya mkuyu ndi mwana wake wamwamuna. Mwamuna wake anatengedwa ndi kabawi mwanayo akadali wakumsana. Choncho pakhomopo panali awiriwo basi, mayi ndi mwana, ndi kamunda kawo ka mtedza kuseri kwa mkuyuwo.

Sendera kuno iwe Zione, utsi ukukulowa m'maso uko. Nkhaniyi ikukukhudza, usaiphonye.

Mwanayo dzina lake lenileni linaiwalika. Aliyense ankangomuitana kuti Tsabola, ndipo dzinalo linamukhala. Ukamuponda phazi mwangozi, wakuluma. Mtedza ukakanika kusweka, wauponya kutchire. Nkhuyu ikamugwera pamutu, ankaimirira n'kutukwana mtengo wonse mpaka mizu yake. Akapsa mtima, mchira wake unkafufuma kuti fuu! kuposa mwini wake, kenako mano. Komatu sanali mwana woipa ayi. Akaluma mnzake, mkwiyo ukatha, ankakabisala kunthambi yakumwamba n'kumalira yekha ndi manyazi. Mawa lake n'kulumanso.

Tsono chisuweni mukuchidziwa, makamaka inu akuluakulu. Mwana wa amalume ako, mwana wa azakhali ako, ameneyo umamunena mmene ungathere, iye n'kukubwezera, nonse n'kugwa nacho chiseko. Akalowa m'nyumba mwako amavundukula mphika osapempha, iwe osadandaula. Nyama nazo zinali ndi chisuweni chomwecho, koma zinawonjezapo lamulo. Woluma, womenya, kapena wogenda mnzake pa chisuweni ankayenera kupepesa ndi chakudya, ndipo wopepesedwayo ndiye ankaloza chimene akufuna.

Kutsidya kwa dambo kunkakhala Nguluwe. Thupi lalikulu, mimba yaikulu, khasu lake ladzimbiri. Chaka chimenecho anzake akulima iye anali m'matope, anzake akupalira iye anali m'matope momwemo. Tsiku lina ali kuchitsime anamva Nkhanga akusimba nkhani, poti Nkhanga nkhani sinkagona m'kamwa mwake.

“Amake Tsabola chaka chino apata mtedza, nkhokwe mpaka pakamwa,” anatero Nkhanga. “Koma mwana uja, abale! Ungomuyang'ana, wakuluma.”

Nguluwe anasiya kumwa madzi. Anaganiza za nkhokwe, anaganiza za mano a mwana uja, kenako anamwetulira yekhayekha.

M'mawa mwake amake Tsabola akusesa pabwalo, anangomva, di! di! di!

“Odi kuno! Odi kwa amalume anga!”

Amake Tsabola anaimika tsache. “Lowani, a Nguluwe. Koma amalume anu ndiye ati?”

“Malemu amuna anu, azakhali. Iwo ndi amayi anga, bere limodzi.”

“Amayi anu anali gologolo?”

“Anali gologolo ndithu,” anatero Nguluwe akupukuta m'maso mopanda misozi. “Kungoti ananenepa.”

Amake Tsabola anakayika, koma akanatani? Mwini wake woti atsutse anapita ndi kabawi. Ndipo kukana mbale wa malemu mwamuna wako, mudzi wonse ungakunene kuti ndiwe mkazi wouma mtima. Nkhanga naye anali atafika kale, wakhala pachitsa, khosi tasa, kuti asaphonye kanthu. Amake Tsabola anayala mphasa, mlendo anakhala, mphasa n'kubisika yonse.

Tsabola anatsika mumtengo kudzaona mlendo. Nguluwe anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumchira.

“Kodi msuweni wanga ndi ameneyu? Azakhali, mwandinamiza. Iyi ndi mbewa yomera tsache kumbuyo!”

Mchira fuu! Tsabola anadumpha, n'kuluma Nguluwe pamphuno kuti ng'a!

Kamano ka gologolo pamphuno ya nguluwe n'chiyani? Ngakhale minga imaposa. Koma Nguluwe anagwa chagada, miyendo m'mwamba, kulira ngati wathyoka msana.

“Mayo ine! Ndafa ine! A Nkhanga mwaona? Msuweni wanga wandiluma pa macheza!”

“Ndaona ndi maso angawa,” anatero Nkhanga. “Lamulo ndi lamulo. Lozani.”

Nguluwe anachira nthawi yomweyo. Analoza nkhokwe, anadzaza dengu, anasenza, n'kumapita akuimba:

Suweni, suweni, seka nane,
Ukandiluma, dengu ndi langa.
Suweni, suweni, seka nane,
Mano ako ndiwo khasu langa.

Anabweranso. Ulendo uno anati makutu a Tsabola ali ngati masamba ofota a nkhwani. Ng'a! Dengu linapita. Anabweranso, n'kunena kuti Tsabola akamayenda amachita ngati wakhala pa linthumbwi. Tsabola anamugenda ndi chibuluma. Dengu linapita. Nthawi zina Nguluwe sankavutika n'kuyankhula komwe, ankangomuyang'ana n'kutsinzina diso limodzi. Ng'a! Nkhokwe inatsika, inatsika, mpaka tsiku lina amake Tsabola anapisamo dzanja n'kukhudza nsungwi zapansi.

Chinatsala ndi chikwatu chimodzi, mtedza wambewu wokulungidwa m'masamba, chopachikidwa kudenga kwa mphako. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana, mvula yobzalira ili pafupi. Chikwatu chimenecho chikapita, munda ugonera, ndipo chaka chamawa pakhomopo padzakhala njala yokhayokha. Nguluwe anachiona. Pochoka anakweza mphuno, n'kununkhiza, n'kunena kuti, “Tionananso posachedwa, suweni.”

Atapita, Nkhanga anatsika pachitsa.

“Amake Tsabola, ine ndinene zoona. Mwanayu akufuna mkwapulo. Thyolani kanthambi ka bwemba, muone ngati salekeratu.”

“Mwana woluma ndimuphunzitse ndi kumenya?” anatero amake Tsabola. “Ndiye aphunzira chiyani, si kumenya komweko?”

Kukalipa anali atakalipa kale mpaka mawu kusasa, osaphula kanthu. Tsiku limenelo sanakalipe. Anapita pansi pa mtengo wa mfula, anatola nthanga zake zouma zija, zolimba ngati mwala, n'kubwera nazo m'chipande. Tsabola anali kunthambi yakumwamba, nkhope atabisa mumchira.

“Tsika, mwanawe. Sindikumenya.”

Anatsika pang'onopang'ono. Anakhala patali.

“Ndine woipa, amayi. Mtedza wonse watha chifukwa cha ine.”

“Mtedza watha chifukwa cha wakuba wodziwa kuseka. Koma khomo limene amalowera ndiwe, zimenezo n'zoona. Tandiuza, mkwiyo wakowu umayambira pati?”

“Sindidziwa. Ndimangozindikira ndaluma kale.”

“Palibe chinthu chimene chimafika chisananyamuke. Tiufufuze.” Amake anamuyang'ana, n'kunena mwadala kuti, “Mbewa yomera tsache.”

Mchira fuu!

“Ima pomwepo! Wamva pati?”

Tsabola anaima. “Kumchira... kwachita ngati nyerere.”

“Kenako?”

“M'mimba mwatentha.”

“Kenako?”

“Mano akuyabwa, amayi! Akuyabwa!”

Amake anamuponyera nthanga ya mfula. “Apatse ntchito.”

Tsabola anaigwira ndi manja awiri, n'kuyamba kuikukuta. Khwe, khwe, khwe. Nthanga ya mfula si mtedza, ana inu, siisweka msanga. Anakukuta, anakukuta, nsagwada zinatopa. Mmene ankafika pa kachakudya kam'kati, mchira unali utagona, m'mimba mutazizira. Anayang'ana amake modabwa.

“Wapita kuti?”

“Wadutsa. Umanyamuka kumchira, umadzera m'mimba, umafika kumano. Ukaumva ukunyamuka, usadikire kuti ufike.”

Musaganize kuti anaphunzira tsiku limodzi. Ayi ndithu, mwana sasintha ngati nyengo. Mawa lake amake akuthyola nkhuni anamunena kuti makutu a nkhwani, iye anakukuta pang'ono, kenako nthanga ija vuu! inadutsa pakhutu pa amake. Amake anapita kukaitola, anaipukuta, n'kumubwezera m'manja.

“Lero wakukuta kaye usanagende. Dzulo ukanayamba n'kugenda. Tiyambirenso.”

Anayambiranso. Akutunga madzi, amake ankamunena. Akusosa m'munda, ankamunena. Nthawi zina iye ankapambana, nthawi zina nthanga inkauluka, ndipo tsiku lina analuma mpini wa khasu mpaka dzino kugwedera. Apo anaseka onse awiri. Kunali kuyamba kwa Tsabola kuseka mkwiyo wake womwe.

Madzulo ena, dzuwa likadalipo, anafunsa kuti, “Amayi, ndiye kuti ndisamakwiyenso mpaka kalekale?”

“Wanena ndani? Ine pano ndikamuona Nguluwe uja, mtima umachita kuwira. Kwiya, mwananga. Chikakupweteka unene ndi pakamwa kuti chandipweteka. Lamulo lija silinaletse mtima. Linaletsa mano.”

Di! di! di! Nguluwe uja wafika, dengu lopanda kanthu lili kumutu. Nkhanga pachitsa. Mitambo kumwamba bii.

“Odi kwa amalume! Ili kuti mbewa yanga ya tsache?”

Tsabola anamva nyerere kumchira. Anatola nthanga. Khwe, khwe, khwe.

“Takulandirani, asuweni,” anatero m'kamwa muli nthanga.

Nguluwe anaphethira. Anayesa za makutu. Khwe, khwe. Anayesa za kayendedwe. Khwe, khwe. Anatsinzina diso limodzi, anatsinzina linalo, anatulutsa lilime, anavina mogwedeza mbuyo mpaka fumbi koboo. Tsabola mchira unkafufuma n'kugona, kufufuma n'kugona, koma mano anali pantchito. Nkhanga anayasamula.

Tsono pamene Tsabola anali phee choncho, maso ake anayamba kugwira ntchito. Anaona chinthu chimene sanachionepo. Nthawi iliyonse nthanga ikalira kuti khwe, ubweya wapamsana pa Nguluwe unkadzuka. Ikasweka, iye n'kutafuna kam'kati, Nguluwe ankameza malovu kuti gwi, diso lili pakamwa pa mnzake, mwendo wakutsogolo ukupalasa pansi. Tsabola anayesa kumubwezera chipongwe, anati mphuno yake ili ngati chivundikiro cha mphika. Nguluwe anangoseka, sizinamukhudze n'komwe. Koma atatola nthanga ina n'kuiyamba, ubweya uja unadzukanso.

Dzuwa likulowa, Nguluwe anatola dengu lake lopanda kanthu.

“Lero wadya mankhwala, suweni. Koma mawu ndili nawo ambiri, ena sindinawatulutse. Chikwatu chija ndidzachitenga.”

Atangopita, Tsabola anathamangira kwa amake.

“Amayi, ndaona chinthu! Asuweni aja kunenedwa sakumva. Chimene sapirira n'kuona wina akutafuna iwo asakutafuna.”

“Masiku onse aja sunkachiona?”

“Ndikakwiya sindiona kanthu, kumangofiira.” Kenako anamwetulira. “Amayi, iwo abwera kwathu kambirimbiri, ife kwawo sitinapondeko. Ulemu umenewo?”

“Si ulemu ayi,” anatero amake. “Tikawaone. Koma udziwe, munthu akapanikizika amatulutsa mawu oipitsitsa amene ali nawo. Ukaona kuti zakukulira, undiuze, tibwerere. Sindidzakuseka.”

M'mawa mwake ananyamuka. Anadzera kwa Nkhanga kukamupempha kuti awaperekeze, ndipo Nkhanga sakanakana ulendo wokhala ndi nkhani kumapeto kwake. Nkhangayo anatenga ndi anapiye ake omwe, chigulu chonse, tsiyo tsiyo tsiyo m'njira monse. Anawoloka dambo, n'kufika pa chulu chachikulu pamene Nguluwe anakumba nyumba yake.

Abale, chuma chinali pamenepo! Madengu a mtedza wa amake Tsabola ali ndandanda pakhomo, ena atadyedwa theka, ena osakhudzidwa. Pambali mulu wa chinangwa, pambali mbatata, zonse zofukula m'minda ya eni. Mwini wake anali gone pakati, akuwerama uku ndi uku kununkhiza chuma chake.

“Odi kuno! Odi kwa asuweni anga!”

Nguluwe anadzambatuka. “Mwa... mwabwera? Kwagwanji?”

“Kwagwa chibale,” anatero Tsabola. “Takusowani.”

Sanadikire mphasa. Anapita padengu loyamba, anavundukula, anatola mtedza, n'kuuswa pafupi ndi khutu la Nguluwe. Thwa! Anatafuna pang'onopang'ono, maso atatsinzina.

“Koma asuweni mumasunga bwino mtedza. Wouma bwino, wonona.”

“He, he,” anaseka Nguluwe, ubweya wapamsana uli njoo. “Idya, suweni. Kamodzi kokha si kanthu.”

Thwa! “Amayi, talawani.” Thwa! “A Nkhanga, musachite manyazi, pano ndi pathu. Ana inu, bwerani, asuweni anga ndi opatsa.”

Anapiye aja anakhamukira m'dengu. Jo jo jo jo! Ena anakwera pa mulu wa chinangwa, ena analowa pansi pa mimba ya mwini nyumba kutola zogwa. Nguluwe anatembenukira uku, akutafuna. Anatembenukira uko, akutafuna. Thukuta linayamba kutsika m'makutu.

“A Nkhanga,” anatero ndi mawu ang'ono, “anawa sakhuta kodi?”

“Anawa? Sindinawaonepo atakhuta chibadwire,” anayankha Nkhanga kukamwa kuli mtedza. “Bwanji, mwadandaula? Pa chisuweni?”

“Ayi, ayi! He, he. Ndikuseka.”

Tsabola anakwera pamwamba pa dengu lachiwiri, n'kuyamba kuimba, anapiye akuvomera:

Suweni, suweni, seka nane,
Ndikatafuna, mtima ugwire.
Suweni, suweni, seka nane,
Dengu likatha, lina lilipo.

Nguluwe anaona kuti zinthu zaipa. Njira inali imodzi yokha, mwanayu alume msanga, apo ayi madengu atha. Anasiya kuseka. Anatsitsa mutu mpaka mphuno yake inayandikira nkhope ya Tsabola, n'kuyankhula motsitsa, koma aliyense anamva.

“Suweni, anakuuza amako mmene anafera bambo ako? Kabawi ankangodutsa, sanaone kanthu. Ndiwe unamuitana. Unali kulira, kukuwa, kuvuta monga umachitiramu. Kabawi anamva phokoso lako, anatembenuka, n'kutenga bambo ako. Ukali wakowo ndiwo unawapha.”

Ngakhale anapiye anasiya kujompha. Amenewo sanalinso macheza a chisuweni, ana inu, inali nkhanza yeniyeni, ndipo ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa nthawi zonse.

Mchira wa Tsabola unafufuma kuposa kale lonse. M'mimba munayaka. Mano anayabwa mpaka kugundana okha, ndipo mphuno ija inali pomwepo, pafupi, yofewa. Amake anali kumbuyo kwake, koma sanamugwire. Anangonena motsitsa kuti, “Ndili pano.”

Tsabola anapisa dzanja m'dengu osayang'ana. Anatola mtedza, anauika kumano ndi makoko omwe. Anatafuna. Anatola wina. Anatafuna. Misozi inalengeza m'maso, koma anameza, n'kukweza mutu.

“Asuweni, mawu amenewo andipweteka. Andipweteka kwambiri, ndipo ndakwiya.”

“Ndiye luma!” anakuwa Nguluwe. “Mphuno ndi iyi!”

“Ayi. Mano anga ali ndi ntchito.”

Anatola mtedza wina, waukulu, wa njere zonenepa. Anauswa, thwa! n'kupatsa kamwanapiye kakang'ono kamene kanaima pakati pa miyendo ya Nguluwe. Kamwanapiye kanajompha, n'kuyang'ana m'mwamba kupempha wina.

Pamenepo Nguluwe anaphulika.

“Chokani! Chokani pakhomo panga, akuba inu! Msuweni, msuweni, msuweni wa ndani? Nguluwe ndi gologolo chibale chake chiti? Amayi anga anali nguluwe, agogo anga anali nguluwe, bambo ako sindinawaonepo n'kamodzi komwe!”

Anaweramitsa mutu, n'kuthamangira Tsabola ndi mphamvu zake zonse. Koma gologolo akakhala kuti mutu uli bwino, ungamugunde? Tsabola anangoti tsalu! pamwamba pa chulu. Nguluwe anapitirira, mutu wonse n'kulowa m'chulumo kuti phwa! mpaka m'mapewa. Anakoka, osatuluka. Anapalasa, osatuluka. M'katimo agang'a, asilikali a chiswe aja a mitu ikuluikulu, anapeza mphuno yabwera yokha pakhomo pawo. Amenewo chisuweni sachidziwa.

Nkhanga anakwera padengu, anakonza nthenga zake, n'kuyankhula ndi mbuyo ya Nguluwe, poti nkhope kunalibe.

“A Nguluwe, ndimveni bwino. Ngati ndinu msuweni, mwafuna kumenya mnzanu pa macheza, ndiye Tsabola aloze chimene akufuna. Ngati si inu msuweni, monga mwanenera nokha pamaso pa ana angawa, ndiye kuti madengu onsewa munachita kuba, abwerere kwawo. Sankhani chimene chakukomerani.”

M'chulu munangomveka kuti, “Mmmfuu! Mmmfuu!”

“Akuti zonse ziwiri,” anatero Nkhanga.

Tsabola analoza madengu a amake, amenewo okha. Chinangwa ndi mbatata anazisiya, anati eni ake adzazitenga okha, poti Nkhanga sakanalephera kuwauza dzuwa lisanalowe. Anyani amene ankadutsa anathandiza kusenza, atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwetsa dengu limodzi m'dambo. Nguluwe anadzatuluka yekha masana, mphuno itatupa ngati dzungu, n'kulowera kuthengo osatsanzika.

Pobwerera Nkhanga anali patsogolo ndi ana ake, akuyeserera kale mmene akaisimbire nkhaniyo kuchitsime. Tsabola ndi amake anatsalira m'mbuyo. Mwanayo sankaseka, sankadumpha. Atafika pakati pa dambo, pamene udzu unawabisa, anaima.

“Amayi.”

“Ee, mwananga.”

“Zija ananena zija... n'zoona?”

Amake anatula katundu pansi. Anagwada kuti maso awo alingane ndi ake.

“Wamva yekha akunena kuti bambo ako sanawaonepo. Ine ndinalipo. Tsiku limenelo tinali kumunda, bambo ako anakwera pachitsa kuti aone ngati mvula ikubwera. Iwe unali kumsana kwanga, uli m'tulo tofa nato. Sunalire, sunakuwe. Unadzuka zonse zitatha.”

Tsabola anayang'ana amake. Anapisa m'dengu kufuna mtedza, koma amake anamugwira dzanja.

“Ayi, uwu si wotafuna. Pano palibe wotilanda kanthu. Lira.”

Analira. Analira mokweza, mwana uja, kulira kumene anakusunga kuyambira pachulu paja, ndi kwina kwakale kumene sankadziwa kuti ali nako. Amake anamufungatira, osamuletsa, osamufulumiza, nawonso misozi ili mbwee. Atatha anapukutana m'maso, anasenza dengu lawo, n'kumapita kwawo.

Mvula inagwa isanathe sabata imeneyo. Anatsitsa chikwatu chija kudenga, anachimasula, mbewu yonse ili bwinobwino. Amake ankakumba mapando, Tsabola akuponya njere n'kukwirira ndi phazi. Pamzere wina nkhuyu inamugwera pamutu kuti pho! Anaima, anayang'ana mtengo uja nthawi yaitali, anapuma, n'kunena kuti, “Iwe, zandipweteka.” Kenako anaitola n'kuidya.

Nthano yanga yafika pamene imagona, woifuna mawa akaidzutse yekha. Fukulani mbatata zija paphulusa zisanasanduke makala.

Ana inu mwamva, sindibwerezanso. Koma ndaona akuluakulu ena kumbuyoko akugwedeza mitu mokondwa, akuti eya, anawa amve. Chabwino. Ine ndingofunsa kamodzi, musayankhe mokweza. Mwana akaphulika pakhomo panu, amene amayamba kufufuma mchira ndani?